Galimoto Imene Amayi Sanakwere

Mchimwene wanga atandiimbira foni kuti ndikamuthandize kusankha galimoto, ndinatseka benchi langa la salaula, zovala zovalidwapo kale zobwera m'mabelo, dzuwa lisanafike pamutu, zimene sindichita ngakhale malungo atandigwira. Mayi wina anali akutembenuzatembenuza juzi, ndinachita kumulanda m'manja n'kumuuza kuti abwere mawa. Ndinkadziwa chimene akundiitanira. Kapena ndinene kuti ndinkaganiza kuti ndikudziwa.

Mwa ana a amayi tinatsala awiri, ine woyamba ndi iye mzime. Ine ndimakhala ndi amayi mu komboni ya Chawama, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene malemu bambo anamanga akugwira ntchito yonyamula katundu ku mafakitale. Iye anatuluka mu komboni kalekale. Ali ndi shopu ya simenti ndi malata, anamanga nyumba ya mpanda ku Kabanana, ali ndi mkazi ndi ana atatu. Nsanje ndilibe. Ndinamubereka kumbuyo ine ndemwe amayi ali kumsika, ndipo mamina ake anathera pa madiresi anga.

Amayi anali ndi mng'ono wawo mmodzi yekha, wotsala kumudzi ku Katete. Zaka zinali zitapita zambiri osaonana. Chaka china amayi anaterereka m'madzi a mvula pakhomo pathu pomwe, chiuno chinauma, ndipo kuyambira pamenepo mwendo wakumanzere sunapindikenso bwino. Basi yaikulu inawakanika. Masitepe ake ndi aatali, mipando ndi yothinana, ndipo dalaivala saimira nkhalamba yofuna kuthengo. Mayi aang'onowo nawo anali atayamba kudwaladwala, miyendo ikutupa, sakanatha kubwera kuno. Chimene chinawatsalira ndi foni ya Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Kumapeto kwa foniyo funso linali limodzimodzi: "Akulu, mubwera liti?" Ndipo amayi ankayankha chimodzimodzi: "Mwana akagula galimoto."

Sanazipeke okha zimenezo. Mchimwene wanga analonjeza ndi pakamwa pake, pa Khrisimasi, tonse tili pamphasa. "Amama, nikagula motoka, ulendo woyamba ni wanu. Nizakupelekani neka kumunzi." Amayi anawasunga mawu amenewo kuposa mmene amasungira khadi la kuchipatala.

Tsiku limene mchimwene wanga anandiimbira lija, ndisanapite m'tauni ndinadzera kunyumba. Ndinang'amba kansalu kakatali pa chinsanza cha m'belo. Ndinauza amayi kuti agwire felemu la chitseko, akweze phazi lodwalalo mpaka pamene angathe. Linakwera pang'ono, likunjenjemera, ndipo ndinamanga mfundo pamene linalekezera. Kenako ndinawakhazika pampando, anatambasula mwendo mmene amautambasulira ukamawapweteka, ndinayeza kuchokera kumsana mpaka ku zala n'kumanga mfundo yachiwiri. Amayi ankaseka. "Iwe, wasanduka telala? Ukundisokera galimoto?" Ndinawayankha kuti inde, ndikufuna iwakwane.

Ndine amene ndimawasambitsa amayi. Ndimadziwa pamene thupi lawo limalola ndi pamene limakana, ndipo ndinkaganiza kuti n'chifukwa chake ndaitanidwa.

Pamalo ogulitsira magalimoto, m'mbali mwa msewu waukulu wolowa m'tauni, ndinapeza mchimwene wanga atafika kale ndi mkazi wake. Magalimoto anali atandandalikidwa pansi pa maukonde otchinga dzuwa, onse otsukidwa mpaka matayala. Iwo anali atapatulapo kale awiri, onse a mipando isanu ndi iwiri. Ina inali yoyera, yotsika, yooneka ngati bokosi, ya chitseko chotsetsereka m'mbali. Inayo inali chigalimoto chakuda, chachitali, cha matayala akuluakulu, za mtundu umene amakwera mabwana.

"Ba sisi, ndimwe muziba mwamene amama bankalila pa mupando," anatero mchimwene wanga. "Yesani zonse zibili, mutiuze."

Ndinayamba ndi yoyera ija. Wogulitsa, bambo wa mimba yaikulu ndi mulu wa makiyi m'manja, anakoka chitseko, ndipo chinatsetsereka mpaka kumbuyo, khomo n'kutseguka lalikulu loti mungalowetsepo tebulo. Ndinagwada pafumbi n'kutulutsa kansalu kanga. Mfundo yoyamba inapitirira popondera ndi zala zitatu. Ndiye kuti phazi la amayi likanakwera lokha, popanda wowakankha.

M'kati, pansi pake panali posalala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, popanda chitunda chopunthwitsa munthu. Mipando iwiri ya pakati inali yapayokhapayokha, uliwonse ndi potsamira mikono, ndipo pakati pake panali kanjira. Ndinakhala pa wa kuchitseko. Sunali wofewa kwenikweni, unali wansalu yotuwa imene ana a eni ake oyamba anatayirapo kale zakumwa zawo, koma unandilandira msana wonse. Wogulitsa anandionetsa kachitsulo ka pansi, ndinakakoka, mpando unabwerera m'mbuyo mpaka ndinatambasula miyendo yonse iwiri osakhudza wa kutsogolo. Mfundo yachiwiri inakwana, malo n'kutsalako. Anandionetsa kena ka m'mbali, mpando unagona. Pafupi ndi khomo panali chogwirira, pamalo pomwe dzanja la munthu wokalamba limafika lokha osauzidwa. Ndinadutsa pa kanjira kaja chowerama pang'ono n'kukayesa mpando wa kumbuyo kwenikweni. Ine si munthu wochepa thupi, a kumsika amandidziwa, koma ndinakhala bwinobwino, duku osagunda kudenga, mawondo ali ndi mpata wawo.

"Ni iyi," ndinatero ndikutsika. "Osavutika kusakila ina."

Mlamu wanga sanalowemo n'komwe. Anaima chapatali atapinda manja, akuiyang'ana ngati nsomba ya dzana.

"Ba mulamu, iyi ni minibasi," anatero. "Yasala chabe kondakitala. Bantu bazayamba kutiimika pa musewu, kufunsa ngati tiyenda ku tauni."

Tinapita ku chakuda chija. Ndisaname, n'chokongola. Ukatsegula chitseko limakulandira fungo la chikopa, ndipo mipando iwiri ya kutsogolo ndi yotakasuka, yofewa, yoti ukakhalapo uiwale kuti unabadwira mu komboni. Wogulitsa anakhazika mlamu wanga pa mpando wa pambali pa dalaivala, anadina kabatani, mpando unayamba kuyenda wokha, kukwera, kutsika, kugona. Mlamu anaseka koyamba tsiku limenelo.

Ine ndinagwadanso ndi kansalu kanga. Mfundo yoyamba inathera m'munsi, polowera pali kutali ndi chikhatho chathunthu ndi zala zina pamwamba. Panali kachitsulo kopondapo m'mbali, koma kopapatiza, koterera, koti phazi lotupa silingakhazikikepo. Kuchokera pamenepo umayenera kudzikoka, kuweramitsa mutu, kupotokola chiuno n'kudziponya pampando. Ine wa miyendo yabwino ndinalowa ndi kubuula. Chitseko chake chimatseguka ngati cha galimoto wamba, ndipo m'munsi modutsa mapazi ndi mopanikiza chifukwa tayala la kumbuyo linadya malo. Mpando wa pakati ndi umodzi wautali, wa anthu atatu. Awiri a m'mbali amakhala bwino ndithu ngati mawondo awo amapindika. Wapakati amakhala pa chinthu cholimba, phazi uku phazi uku, chitunda chili pakati. Mwendo wowongoka unalibe kolowera. Kansalu kanga kanagunda mpando wa kutsogolo mfundo yachiwiri isanafike.

Za kumbuyo ndiye musandifunse. Wogulitsa anachita kupinda mpando wa pakati kuti ndidutse chokwawa, kumbuyo kwanga kuli panja kukupereka moni kwa odutsa mumsewu. Timipando tiwiri ta kumeneko tinali totsika kwambiri, mawondo anandifika pachifuwa, mutu ukugunda denga. Ndipo ukatidzutsa timipandoto, malo a katundu amatsala oti muikemo thumba limodzi la ufa, lachiwiri mulipakate.

"Kumbuyo ni kwa bana, madamu," anatero wogulitsa akundikoka dzanja kuti nditulukemo.

"Nanga katundu?" ndinamufunsa. "Ise tiyenda kumunzi, sitiyenda ku chechi."

Anaseka n'kuyang'ana mwini ndalama. Ndinatambasula kansalu pamaso pa mchimwene wanga n'kumuonetsa mfundo zonse ziwiri, ndinamuuza kuti iyi amayi sangakwere, ndipo atakwera sangakhalemo tsiku lonse. Anagwedeza mutu ngati akumva. Kenako anayamba za misewu. "Ba sisi, mwaiona njila ya kwatu mu mainza. Ija yapansi izamila mu manzi pa Chawama pamene." Zimenezo zinali zoona, sindikana. Mvula ikagwa kwathu madzi amafika m'mawondo, ndipo magalimoto ang'onoang'ono amafera pakati pa njira. Koma ndani ananena kuti amayi tidzawatenga m'dzinja?

Mlamu ali kalikiliki kujambula chigalimotocho pa foni, mchimwene wanga anandikokera kuseri, kufupi ndi mpanda wa waya, n'kutsitsa mawu.

"Ba sisi, mvelani. Imwe muziba bantu batu. Nikagula ija, siizankala yanga. Malilo ku George komboni, ni ine. Wodwala ku Kanyama, ni ine. Kwaya iyenda ku Kafue, ni ine. Ba malume bafuna kupeleka mbuzi, ni ine. Motoka ya malo yambili siikana muntu. Iyi nikakamba ati yazula, kulibe malo, bazaona beka ati yazula."

Pamenepo ndi pamene ndinamva. Sikuti sanaone kupanikiza kuja. Kupanikiza kumene ine ndinkakuona ngati chilema, iye ndi kumene ankagula.

Ndipo chowawa n'chakuti ndinkadziwa zimene akunena. M'kanjira kathu munali bambo wina amene anagula galimoto ya chitseko chotsetsereka ndi ndalama zake za penshoni. Sanapumepo. Inanyamula mitembo, akwati, odwala, matumba a makala, kwaya ya amayi, ndi mbuzi zomwe. Mu komboni galimoto yokhala ndi malo si ya mwini wake, ndi ya aliyense amene wagogoda pakhomo akulira, ndipo wokana amatchuka kuposa mfiti. Ya bamboyo inafa isanakalambe, ili pansi pa mtengo wa mango mpaka lero, nkhuku zikuikiramo. Mchimwene wanga anakulira akuona zimenezo. Koma pothawa a ku George ndi a ku Kanyama, anatsekera kunja mayi ake omubala.

"Nanga amama?" ndinamufunsa.

"Tizabakweza. Ni kamozi chabe. Bakangena, bangena."

Ndinapinda kansalu kanga n'kukaika m'chikwama. Sanandiitane kudzasankha, galimoto anali atasankha kale asanandiimbire. Anandiitana kuti mawa adzanene kuti ba sisi analipo, anayesa okha mipando.

Apa ndinene mlandu wanga, chifukwa nanenso ndili nawo. Nditafika kunyumba amayi anali pakhonde, maso ali kunjira. "Yandikwana?" anafunsa. Ndinayang'ana nkhope yawo. Ndinati, "Ndi yabwino, amama. Mipando yake ndi yachikopa." Sindinaname, koma sindinanene zoona. Ndinadziuza kuti mwina tidzapeza nzeru, mwina mwendo udzakhala bwino tsikulo. Chinanso, ndinaopa. Mlongo wosauka akanyoza galimoto ya mbale wake, anthu safunsa kuti wayeza chiyani. Amangoti nsanje yamupweteka.

Ulendo unaikidwa masukulu akatsekera, patatsala milungu itatu. Milungu itatu imeneyo amayi anatsitsimuka ngati mtsikana. Anandituma shuga, sopo, mchere, mafuta odzola. Anagula zitenje ziwiri zofanana, china chawo china cha mng'ono wawo, kuti akavale limodzi kutchalitchi cha kumudzi. Ine ndinapatula juzi labwino koposa m'belo lonse, lobiriwira, la mabatani onse. Analukitsa tsitsi lawo la imvi. Anauza amayi onse a m'chigwirizano, anauza wogulitsa makala, anauza ngakhale wowerenga mita ya madzi. Lamlungu lomaliza, funso lija litabwera pa foni, anayankha mokweza kuti nyumba yoyandikana nayo imve: "Loweruka lino!" Ndinamva mayi aang'ono akululutira kumbali inayo mpaka kutsokomola.

Lachisanu amayi anakana tiyi wa madzulo. Madzi anangonyowetsa pakamwa. Anati sakufuna kukavutitsa mwana ndi kuimaima panjira.

Loweruka kunacha ndi mphepo ya fumbi. Amayi anali atakhala kale pampando pakhomo, atavala chitenje chatsopano ndi nsapato zoyera zansalu, chikwama chili pamiyendo. Chigalimoto chinalowa m'kanjira kathu pang'onopang'ono, magalasi ake akutsala pang'ono kukhudza mipanda, ana a m'komboni akuthamanga m'mbuyo mwake. Amayi oyandikana nafe anatuluka n'kuyamba nthungululu. Amuna a pa kashopu kometera tsitsi anabwera kudzachizungulira, akugogoda matayala ndi nsapato. Amayi anaimirira ndi ndodo yawo, akumwetulira mano onse otsala.

Ndinali nditakonzeratu njerwa ziwiri za simenti. Ndinaziika pansi pa chitseko cha pakati. Mayi wina wa nyumba yoyandikana nafe, mnzathu wa zaka zambiri, analowa m'galimoto kuti akoke ali m'kati, ine ndikankhe ndili kunja. Mchimwene wanga anaima pambali manja ali m'malere. Mwana wamwamuna sagwira mayi ake m'chiuno, ndiye ankangozungulirazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira, akuti pang'onopang'ono, pang'onopang'ono.

Panjerwa anakwera. Phazi labwino linafika pa kachitsulo kopondapo kaja. Linatsala lodwalalo, ndipo linakana. Tinayesa koyamba, anabwerera. Tinapuma. Tinayesa kachiwiri, ine nditaika phewa pansi pa thupi lawo, mnzathu akukoka mikono. Anali atalowetsa mutu ndi mapewa pamene nsapato inaterereka pa kachitsulo. Analendewera, chiuno chinapotokoka, ndipo anakuwa mawu amene sindinawamvepo ngakhale tsiku limene anagwa m'madzi. Chitenje chatsopano chinamasuka n'kugwera pafumbi. Pitikoti inakwera, ntchafu ya amayi inaonekera poyera, pamaso pa amuna a kometera, pamaso pa adzukulu awo, pamaso pa mwana wawo wamwamuna.

Amuna aja anatembenuka n'kuyang'ana kumpanda. Nthungululu zinazima. Ndinavula chitenje changa n'kuwafunditsa, tinawatsitsa n'kuwakhazika panjerwa. Ankapuma movutika, thukuta lili chuchuchu, nsapato imodzi ili pansi pa galimoto. Mlamu wanga, ndimupatse chake, anatsika pampando wake, anagwada pafumbi ndi buluku lake loyera, anatulutsa nsapatoyo n'kuwaveka.

"Tiitane bamuna babili babanyamule chabe," anatero mchimwene wanga.

Amayi anakweza dzanja. "Ine sindinafe. Ondinyamula adzandinyamula tsiku lake likakwana."

Kenako anandikokera pafupi n'kundinong'oneza. "Nanga panjira ndikafuna kuthengo? Muzindivula chonchi kangati tisanafike?" Ku Katete ndi ulendo wa pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo ndinkadziwa yankho kuyambira tsiku limene ndinagwada ndi kansalu kanga.

Anapempha ndodo yawo, anaimirira, anakonza duku. Atalankhulanso, analankhula mokweza kuti kanjira konse kamve.

"Mwana wanga, galimoto ilibe mlandu. Wagula chinthu cha ulemu, wativeka tonse. Ndi mwendo wangawu wandikana. Pitani bwino, mukamuuze mng'ono wanga kuti ndibwera ukapola."

Anaika chikhatho pa chitseko chakuda chija n'kuipempherera galimotoyo, kuti Mulungu aiteteze ku ngozi ndi ku maso oipa. Amayi onse a m'kanjira anati ameni. Ine sindinati ameni. Ndinayang'ana mchimwene wanga, iye anayang'ana tayala.

Mchimwene wangayo anandiuza kuti ine ndikwerebe, ndikawaimire amayi. Ndinakana. Ndani akanawatsuka, ndani akanawathowa chiuno chimene tinali titangochipotokola? Analonga shuga, sopo, chitenje ndi juzi lija. Malo atapezeka, anachotsa chibokosi cha zakumwa zozizira chimene mwana wina akanachipakata, anachikhazika pa mpando umene ukanakhala wa amayi, n'kuchimanga lamba kuti chisagwe. Ndinaona ndi maso angawa.

Galimoto itapita, amayi analowa m'nyumba n'kupempha tiyi m'kapu yaikulu. Sanalankhule za ulendowo tsiku limenelo kapena mawa lake. Chiuno chinatupa mlungu wathunthu.

Apaulendo atabwerako anadzera kwathu ndi mtedza ndi nkhuku yamoyo. Mchimwene wanga anatulutsa foni n'kukhala pansi pafupi ndi amayi. Anati wawabweretsera chinthu chabwino. Anali atajambula mayi aang'ono. Anawakhazika pa mpando wa kutsogolo wachikopa uja, atavala juzi lobiriwira ndi chitenje chofanana ndi cha amayi. Kuwakweza sikunavute, anali atatha moti mdzukulu mmodzi anawanyamula yekha. Ankaoneka ngati kamwana pa mpando waukuluwo, mapazi osafika pansi. Ankaseka, akugwedeza dzanja. "Akulu, taonani, ndakhala pa mpando wanu! Ndi wofewa, akulu. Fulumirani, ndikukudikirani."

Amayi anati aibwereze. Anaibwereza. Anati aibwerezenso. Anaika chala pa galasi la foni, pa tsaya la mng'ono wawo. "Waonda," anatero. "Taona khosi." Mchimwene wanga ankamwetulira, akuganiza kuti wachita chinthu cha nzeru. Ine ndinatuluka kukamanga nkhuku chifukwa ndikanakhala m'nyumbamo ndikanalankhula.

Miyezi yotsatira ndi imene inandipsereza mtima. Aliyense wobwera kudzawaona, amayi ankamuuza za galimoto ya mwana wawo. Ankaonetsa ndi dzanja kutalika kwake. Ankanena za mipando yachikopa ngati anakhalapo. Wina akafunsa chifukwa chake sanapite kumudzi, ankamenya bondo lawo n'kuti, "Mdani wanga ndi uyu." Ine ndili pambali ndikusankha nyemba, ndikumeza mawu.

Sindinangokhala. Ndinamuimbira mchimwene wanga kuti abwereke galimoto yotsika kwa anzake a mabizinesi, kapena achite hayala, masiku atatu okha. Ndalama za pa benchi langa sizikanatifikitsa ngakhale pa mlatho wa Luangwa. Anati tiona mvula ikatha, panopa shopu yamugwira. Nditawauza amayi maganizo amenewo, anandikalipira ine. "Ukufuna anthu anene kuti galimoto ya mwana wanga yalephera? Munthu ali ndi yake, akabwereke ya wina chifukwa cha ine?" Ndinawasiya. Anayamba kudzola mankhwala aliwonse amene wina wawauza, a m'botolo, a m'chitini, a masamba, kuti mwendo upole. Foni ya Lamlungu inapitirira, koma mawu a kumbali inayo ankachepa mlungu ndi mlungu, ndipo funso lija linasiya kufunsidwa.

Mayi aang'ono anamwalira mvula ili pakati. Uthenga unafika m'mawa ndikuwasambitsa amayi. Sanakuwe. Anandiuza kuti ndimalize kuwatsuka kumsana, ndinamaliza, ndinawaveka, ndipo atakhala pamphasa ndi pamene anayamba kulira, akuitana mng'ono wawo ndi dzina la paubwana. Amayi a m'chigwirizano anabwera n'kudzaza nyumba. Popeza mwini maliro sakanatha kupita kumaliro, maliro anabwera kwa iye, tinatulutsa mipando n'kuyala mphasa zipinda zonse ziwiri.

Amayi anandiuza kuti ine ndipite. "Ukaponye dothi m'malo mwanga. Awa andisamala." Mchimwene wanga anati adzanditenga mawa lake m'mawa, pamodzi ndi amalume awiri a ku Matero.

Kunacha mvula itagwa yambiri. Kanjira kathu kanali mtsinje, madzi ofiira akuyenda ndi mapepala ndi mabotolo. Chigalimoto chija chinadutsa m'madzimo osavutika, monga ananenera mwini wake, n'kudzaima pakhomo penipeni, injini ikulira. Amayi ena anasuzumira pawindo. Ine ndinali nditanyamula kale chikwama, ndikugwada kuti nditsanzike.

Amayi anandigwira dzanja. Maso anali otupa, koma mawu anali owongoka.

"Kamuuze achotse chinthu chakecho pakhomo panga. Akaimike kumsewu. Sindifuna kuchimva."

Miyezi yonse ija anaiteteza galimotoyo kwa alendo, kwa ine, kwa iwo eni. Ndinawayang'ana kuti mwina abweza mawu. Anatembenukira kukhoma.

Ndinatuluka. Mchimwene wanga anali atatsegula chitseko, phazi limodzi likufunafuna pouma poti aponde. Amalume anali m'kati, mlamu ali kutsogolo. Ndikanatha kumukokera pambali, monga anandikokera iye tsiku lija, koma sindinatero. Ndinanena mawu a amayi mmene anawanenera, osachotsapo kapena kuwonjezera, onse akumva.

"Ba sisi, lekani ningene chabe, nibaone."

"Bakamba ati uchose."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana chitseko cha nyumba imene anabadwiramo. Palibe anatuluka kudzamuitana. Anabweza phazi lake n'kutseka chitseko. Kanjira kathu kalibe potembenukira, ndiye anabwerera chambuyo mtunda wonse mpaka kumsewu, pang'onopang'ono, anthu ataima m'makomo mwawo akuonerera. Ine ndinavula nsapato, ndinakweza chitenje, n'kumutsatira m'madzimo.

Ndinamupeza atagoneka mutu pa chiwongolero, mapewa akugwedezeka, amalume akuyang'ana kunja kwa mawindo. Mwana ameneyu ndinamulera ine, ndipo chibadwire sindinamuonepo akulira osamutonthoza. Tsiku limenelo ndinangopukuta matope kumapazi n'kumuuza kuti, "Tiye, batiyembekeza ku manda."